Mikanda Yoyera pa Msomali

Lolemba
Mikanda yoyera yapachikidwanso pa msomali wa kuchipinda. Kwathu ku Ntcheu wokwatira aliyense amadziwa: yofiira, dikirani, yoyera, bwerani. Ine ndikuiona, koma ndikunamizira kufunafuna chipewa. Miyezi yapitapo ndili chigwere mumpapaya. Mkazi wanga Nangozo wanena osakweza mawu: "Likafika Lamulungu zili chonchi, ndikwera basi, ndikaone ankhoswe." Ndili ndi mantha. Kuntchito kuno kuesiteti, mitengo ya labala ndikaicheka imangotulutsa utomoni wake osavuta. Mwini mpenine, zii! Ndifunsa odziwa, mwakachetechete.

Lachiwiri
Ndanong'oneza kapitawo wathu, a Mhone. Akuti: "Ada, n'zochepa izo. Mtedza wauwisi, gondolosi, chinangwa chachiwisi. Ife kuno kunyanja ndiye mphamvu zathu." Mtedza palibe, gondolosi palibe. Chinangwa ndazula m'munda wa m'mbali mwa msewu. Palibe wandiuza kuti chakuno n'chowawa, cha kondowole, choyamba chaviikidwa m'madzi. Chizungulire! Kusanza! Mphamvu yatsala ndi yogwirira khoma basi. Ndipo m'malaini monse mwa nyumba za antchito anthu ayamba kundipatsa moni wachisoni. A Mhone pakamwa!

Lachitatu
Kuchipatala, wapansi, dzuwa lili pamutu. Panjira ndikuloweza mawu oti ndikauze adokotala osachita manyazi. Pachipata anyamata a chipani: "Khadi la chipani, bambo." Khadi langa linamatirana ndi utomoni m'thumba, dzina silikuoneka. "Ili ndi khadi kapena chigamba cha tayala?" Ndabwerera. Mikanda ili pompaja.

Lachinayi
Kwa sing'anga ku Kande. Mizu m'botolo, yowawa ngati ndulu. Malamulo ake: osagona mphasa imodzi ndi mkazi mpaka Lolemba, osadya zamchere, osamuuza kanthu. "Mukangotsegula pakamwa, mankhwala asukuluka." Ndavomera zonse. Mtima uli m'malo koyamba.

Lachisanu
Ndayala chiguduli pabalaza. Ndiwo za usipa ndakana. Nangozo wandiyang'ana nthawi yaitali. "Mphasa yanga mwaikana, mchere wanga mwaukana. Ku Kande anthu anakuonani dzulo. Ndani ameneyo?" Tsopano akulira kuseri kwa nyumba, ndipo ndikumumva bwinobwino. Zikundipweteka kuposa chinangwa chija. Koma Lolemba si kutali.

Loweruka
Alangizi a mpingo afika, a Chirwa ndi akazi awo. Nangozo ndiye wawaitana. Mutu wa malangizo: chigololo. Ine! Ngakhale nditafuna, ndingachichite ndi chiyani? Mavesi, nyimbo, mavesi ena, pemphero lalitali loti mkazi wa ku Kande andisiye. Ndayankha ameni. Potuluka, mayi Chirwa andikokera pambali: "Mwana wanga, za m'nyumba zimachira n'kukambirana. Muuze mnzako chavuta." Mawu afika pammero. Ndakumbukira botolo lili m'denga, ndawameza. Nangozo akuchapa nsalu zake zonse, ndi zoyera zomwe.

Lamulungu
Kutchalitchi sitinapite. Ndamunyamulira katundu mpaka pamsewu. Basi ikuoneka patali, iye akuti: "Mukanakhala kuti mukudwala, ndikanakudwazikani ngakhale zaka. Matenda sathetsa banja. Koma kugawana mwamuna, ine ayi." Khadi lake lili bwinobwino, wakwera osavutika. Ine pakamwa yasa, ndikuwerengera: mawa lokhali, mankhwala asasukuluke. Pomwe ndikuti "Nangozo, imva," ndikuuza fumbi.

Ndabwerera, ndamwa mizu yotsala, poti kutayanso n'kulakwa. Zikuoneka ngati yayamba kugwira. Ndathira mchere m'ndiwo zadzulo, ndadya ndekha. Msomali uja uli wokhawokha. Ndapachikapo chipewa.