Mmene ndinawongolera boti la alamu anga

Kale ukafika pa Mponela n'kufunsa amene amawongola bwino magalimoto ochita ngozi, ankakulozera kwa ine. Masiku ano amakulozerabe, koma akuseka. Nkhaniyi ndaganiza zoilemba ndekha chifukwa ndatopa kuimva kwa anthu amene kunalibeko n'komwe.

Mlongo wanga Esinati anakwatiwa kuseri kwa Msakambewa ndi a Kamwendo. Alamu angawa anakhala ku Joni zaka zisanu ndi ziwiri akugwira ntchito kumene amapanga maboti, Esinati kuno akulima fodya yekha ndi kulera ana. Chaka chatha anabwera n'kunena kuti basi, sabwererakonso. Anabwera ndi boti la aluminiyamu, chitsulo chopepuka chija cha mapoto. Kwawoko kuli damu la esiteti yakale, ndipo anthu a tsidya lina amalizungulira maola awiri kuti akafike kuchigayo. Alamu anati aziwolotsa anthu ndi katundu, azipeza chakudya pomwepo, azigona m'nyumba mwawo. Esinati anayambanso kunenepa.

Lole itatsitsa botilo pagalaja panga, alamu anandilozera pamene panalowa mkati pang'ono, cha kumphuno.

"Apa pokha, alamu, ndi kapenti. Ine ndikukatenga injini ku Lilongwe, tikakumana kudamu Loweruka."

Anabwereza kawiri kuti apa pokha (ndikuvomera, ndinamva). Koma anayankhula ngati munthu amene waona nyanja akuuza munthu wa kumapiri, ndipo zinandiwawa.

M'mawa mwake ndinalitembenuza botilo kuti ndilipente, ndipo ndinagwira pakamwa. Pansi pake panali msana wosongoka kuchokera kumphuno mpaka kumbuyo, ndipo mbali iyi ndi iyo panali mizere iwiriiwiri yotukuka ngati ya m'munda. Ine zaka makumi awiri ndakhala ndikumenyana ndi zitsulo zopindika, chitsulo chikatukuka ndimadziwa kuti chavulala. Ndinati zingwe zomangira pa lole zalifinya, ndipo alamu ndi Joni yawo yonseyo sanaone. (Zoti mizereyo inali yofanana ndendende mbali zonse sizinandidabwitse. Ndinangoti ngozi ina imakhala yaudongo.)

Ndinagwira masiku atatu. Aluminiyamu ndi wamakani, ukamenya apa amatukuka apo, koma ine ndi wamakani kuposa iye. Mizere ndinaimaliza ndi hamala. Msana ndiwo unandivuta, mpaka ndinabwereka jeke ya lole n'kuukanikiza ndi matabwa pang'onopang'ono, ukulira, ine ndikuimba nyimbo. Pofika Lachisanu pansi pa boti panali see ngati tebulo. Ndinapaka penti wabuluu, ndinalikhazika bwinobwino pa ngolo, ndipo sindinauze munthu. Ndinkafuna alamu adzazindikire okha, adzandithokoze pagulu.

Loweruka kudamu kunali anthu ngati kuukwati. Amuna asanu ndi mmodzi ananyamula boti n'kulitsitsira m'madzi, alamu ali otanganidwa ndi injini yawo, moti pansi sanayang'anepo. A Mbewe, mkulu wampingo, anapemphera pemphero lalitali lotchula Nowa ndi Yona yemwe. Tinakwera anayi: alamu kumbuyo pa injini, a Mbewe, ine, ndi Esinati atavala chitenje chatsopano, dengu la tomato pamiyendo, kuti anthu aone kuti katundu awoloka bwanji.

Poyamba zinayenda. Ine ndinkakweza dzanja kwa anthu ngati phungu. Kenaka alamu anawonjezera moto. Boti linayamba kumenya madzi, phwa phwa phwa, timafunde tating'onoting'ono tomwe koma mano akugundana. Madzi amene anayenera kuthawira m'mbali ankabwera kumaso kwathu. A Mbewe anabisa Baibulo m'jekete.

"Boti ili silinachitepo chonchi," anatero alamu.

"Mwina likuzolowera madzi a kuno," ndinayankha.

Nthawi imeneyo n'kuti madzi atayamba kulowa pafupi ndi phazi langa, pa kamng'alu kamene ndinakadziwa bwino chifukwa ndi pamene hamala inakhalitsa. Ndinapondapo ndi nsapato n'kupitiriza kumwetulira.

Titayandikira tsidya lina, alamu anakhotetsa injini kuti tikhote. Mphuno inakhota ndithu, koma boti linapitirira cham'mbali ngati beseni, osamvera munthu. Linazungulira kamodzi, mbali ina inamira, ndipo tonse tinapezeka m'mabango, matope mpaka m'chiuno. Palibe anavulala. Tomato yekha ndiye anawoloka, mmodzimmodzi.

Boti linali litagadabuka, pansi pake pakuwala padzuwa, pabuluu, posalala. Kunena zoona, ngakhale nthawi imeneyo ndinaona kuti ntchitoyo inali yokongola. Alamu anayang'ana nthawi yaitali, akupukuta matope kumaso.

"Alamu, msana uli kuti?"

"Ndinawongola. Ndi mizere yomwe. Imeneyo ndi mphatso yanga."

Akanandimenya bwenzi zitatha tsiku lomwelo. Koma a Kamwendo sanakweze mawu. Anandifotokozera pang'onopang'ono, anthu a tsidyalo atasonkhana, kuti msanawo ndi umene umang'amba madzi kuti boti lisamenyeke, ndipo ndi umene umagwira madzi pokhota. Mizereyo imakankhira madzi m'mbali, imathandiza boti kunyamuka likathamanga, komanso imalimbitsa chitsulo chopyapyalacho. Anthu amakhala pansi kuiyeza asanapange. Kenaka anandifunsa funso limene mpaka lero ana a sukulu amandikuwira ndikamadutsa.

"Malata a panyumba panu nawonso ali ndi mizere. Bwanji simunawawongole?"

Esinati sanaseke ndipo sanalire, ankangotola tomato amene anali pafupi n'kumaika m'chitenje.

Ndinapempha kuti ndibwezeretse msanawo. Alamu anati aluminiyamu akamenyedwa kawiri amang'ambika ngati pepala, ndipo anandionetsa ming'alu isanu ndi umodzi pansi pa penti wanga. Injini anagulitsa. Patatha miyezi iwiri, ndili pagalaja panga, ndinawaona pa depoti atanyamula chikwama chomwe chija anabwera nacho, akudikira basi yobwerera ku Joni. Ndinabisala kuseri kwa minibasi imene ndinkawongola.

Boti lilipo. Lili m'mphepete mwa damu, ng'ombe zimamweramo. Anthu amandiuza mwadala kuti limakhazikika bwino pansi, silipendekeka ngakhale ng'ombe zitatu zikankhane. Ndimayankha kuti zikomo, nanga ndinene chiyani.

Amene amandifunsa ngati ndinaphunzirapo kanthu ndimawauza kuti masiku ano ndimafunsa ndisananyamule hamala. Ndi zoona, ngakhale kuti ndikaona chitsulo chotukuka dzanja limandiyabwabe. Koma phunziro langalo silibweza munthu kuchokera ku Joni. Esinati wabzalanso fodya yekha chaka chino, ndipo tikakumana kutchalitchi amandipatsa moni wa ulemu wonse, ngati ndine mlendo wa abusa.

Sabata yatha ndinamuona pamsika atanyamula ndowa yake yotungira madzi, itapindika pansi. Ntchito ya mphindi ziwiri, ndikanaichita nditatsinzina. Ndinaimirira n'kupukuta manja. Anafika pagalaja panga, anagwada pang'ono, anati, "Mwaswera bwanji, achimwene?" Ndiye anapitirira nayo kwa wokhoma zidebe wa kuseri kwa chigayo, amene sadziwa n'kugwira hamala komwe.