Mchenga Wamoyo wa a Pan

Mumzinda wonse wa Keelung munalibe wolemekeza mchenga ngati malemu a Pan Tien-fu. Anthu akalowa m'sitolo ya a Shih, yogulitsa nsomba za m'matanki agalasi, ankathamangira nsomba zamawangamawanga ndi makorali, miyala yamoyo ya m'nyanja. A Pan ayi. Iwo ankafikira kugwada, mphuno pagalasi, maso pansi pa thanki.

"Wadzuka bwanji mchengawu?"

"Wadzuka ngati mchenga," a Shih ankayankha.

A Shih anali mphunzitsi wa sayansi wopuma ntchito, pomwe a Pan anakalambira m'mainjini a sitima padoko. Kwa zaka khumi ndi zisanu, m'mawa uliwonse pa tiyi, mkangano wawo unali umodzi: kodi mchenga wamoyo, uja amagulitsa wonyowa m'matumba, ndi timabotolo ta tizilombo tothira m'thanki ya madzi amchere, n'zaphindu?

"Mchenga wouma ndi manda, aphunzitsi!"

"Dikirani miyezi iwiri, tizilombo tidzadzamo tokha. Nanga m'thumba loti lagona pashelefu chaka chathunthu, mungakhale chamoyo?"

"Inunso mwagona pampandopo zaka zonsezi, koma mukupumabe."

A Pan ankati lilime lawo silinama. Tsiku lina kunabwera wotsatsa malonda ndi botolo latsopano, akulitama kuti muli tizilombo tosawerengeka. Iwo analitsomphola, n'kumwera.

"Tizilombo tonse n'takufa," anagamula.

Anasowa masiku atatu. Lachinayi anatulukira atapyapyala ngati ndodo, akuyenda motsamira khoma.

"Ndinalakwitsa, aphunzitsi. Tamoyo."

Chaka china, pofuna kuwachitira mnzawo zabwino, anatapa mchenga kugombe n'kuukhuthulira m'thanki yaikulu ya m'sitolomo eni ake ali kuseri. Sabata isanathe, nsomba zinayamba kusowa imodziimodzi. A Shih atafukula anapeza nkhanu yonenepa ngati chibakera.

"Mwandithera nsomba, nkhalamba inu!"

"Eya! Si munkati mulibe chamoyo?"

A Shih anawaletsa kulowa mwezi wathunthu. A Pan ankabwerabe, n'kuima pamvula ndi ambulera yawo, kumapereka moni kwa mchenga kudzera pawindo. Makasitomala atayamba kufunsa ngati kunjako kuli wamisala, a Shih anatsegula chitseko.

Mapeto ake anagwirizana zoyesa. Anaika matanki awiri, ina ya mchenga wouma, ina ya wamoyo. Ya a Pan madzi ake anakhazikika msanga ndi masiku khumi. Patatha miyezi iwiri, ngakhale eni ake sankatha kuwasiyanitsa matankiwo.

"Mwaona? Zonsezi chifukwa cha masiku khumi basi!" a Shih anaseka. "Mumathamangira kuti?"

A Pan anagwada pathanki yawo, maso ali pamchenga.

"Mayi a kunyumba atatisiya, thanki yawo ndinaileka mpaka inauma," anatero. "Nditaithiranso madzi, sindikanatha kuipenya miyezi iwiri ili yopanda kanthu. Zopanda kanthu zinali zitakwana kale m'nyumbamo."

A Shih anali ndi mayankho asayansi okwana dengu, koma anangowathirira mnzawoyo tiyi.

A Pan anamwalira chaka chatha, nyengo yozizira. Mwambo wa maliro utatha, mwana wawo Mei-chu, yemwe amakhala ku Taichung, anawaitana a Shih kunyumba kwa malemuwo. Zaka zonsezo a Shih anali asanapondeko. Ubwenzi wawo unkathera pakhomo la sitolo. Anapeza mpando umodzi, bedi, ndi thanki yotalika ngati bokosi la maliro, yowala bwino.

"Amalume, nsomba zake zili kuti?" anafunsa Mei-chu.

A Shih anasuzumira. Munalibe nsomba ngakhale imodzi. Munali mchenga, miyala iwiri, ndi tinyongolotsi tikutuluka n'kubwerera.

"Bambo ako ankaweta zimenezi," anatero.

"Ndiye tingotaya?"

"Usayerekeze."

Thankiyo anaisamutsira m'sitolo, ndipo siyogulitsa.

Masiku ano msewu wa pasitolopo uli zii. Mayi wogulitsa supu moyandikana amadandaula kuti sadziwanso nthawi, poti kale phokoso la nkhalamba ziwirizo ndilo linkamuuza kuti yakwana naini. A Shih amaphikabe tiyi wambiri, wina n'kuzizirira m'ketulo.

Sabata yatha kunalowa bambo wina wa tayi, wofuna kuyamba thanki yake.

"Abwana, mchenga wamoyowu ndigule?"

A Shih anawongola msana. "Kutaya ndalama! Wouma ndi wokwanira, bola kudekha!"

"Mwanena zoona," bamboyo anavomera, n'kunyamula thumba la wouma.

"Basi? Simutsutsa?"

"Ndingatsutse bwanji akatswiri?"

A Shih anamuperekeza ndi maso mpaka anakhota pakona. Anaima pakhomo kanthawi, mawu onse amene anakonzekera ali kukhosi. Kenako anatsitsa chitseko chachitsulo, nthawi ili thuu koloko masana.