Pensulo Yanga pa Mazira a Ng'azi

Mukadzamva ku mapemphero kuti ku Markham kuli mayi wina amene anasala kudya chifukwa cha ng'azi, musavutike n'kufufuza, ndine. Ndati ndiulule ndekha, chifukwa mnzanga Nachisale wa ku Brampton akangoigwira nkhaniyi aithira mchere mpaka mwini wakene sindidzaizindikira.

Ndinabwera kuno kutsidya la nyanja kudzathandiza mwana wanga Lonjezo atabadwa mdzukulu wanga Tadala. Lonjezo ndi namwino ku North York, amuna ake amagwira za makompyuta. Akamwini angawa ndi munthu wofatsa, waulemu wa kwathu ku Dowa weniweni, moti tinkapewana monga mwa mwambo. Ine ndikakhala pabalaza, iwo ankalambalala kudzera kukhitchini. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mkazi wawo, mkazi wawo n'kundiuza ine, ngakhale tonse atatu tili m'galimoto imodzi. (Kwathu mkamwini ndiye amakhala kwa apongozi. Kuno amene ali pachikamwini ndine.) Ine zimenezi zinkandisangalatsa kwabasi, ndinkachita kunyadira pafoni kuti mwana wanga anakwatiwa ndi munthu woleredwa.

Vuto lawo ndi limodzi: amaweta ng'azi.

Inde, ng'azi. Mbava ija inkanditherera mazira m'khola ku Mponela, imene ndinkaithamangitsa ndi mpini, kuno ili ndi chipinda chakechake kubesimenti, kunsi kwa nyumba. Zawozi n'zazing'ono, akuti za ku Australia, zamchira waminga. Zimakhala m'mabokosi agalasi, dothi lakuya loti zizikumba, miyala yowotherapo, nyale yotentha ngati dzuwa la Okutobala pamene panja chipale chili mbuu. Chakudya chake tinkhululu tochita kugula kusitolo, asanazipatse n'kutiwaza kaye ufa wolimbitsa mafupa. Tsiku lina ndinaona akamwini akuphikira dzira ng'azi yaikazi, dzina lake Doris. Ndinangoti, Ambuye, wakuba wapatsidwa mpando.

Lonjezo anandiuza kuti kwa zaka zinayi bambo a Tadala ankayesa kuti ng'azizo ziswane, koma mazira ankangosukusa. Chaka chimenecho Doris anaikira asanu ndi anayi abwinobwino. Bambowo anawafukula m'dothi, n'kuwaika m'kafiriji kakale kamene anakasandutsa makina ofungatira. M'mawa uliwonse ankayamba kukawaona mazirawo asanamuone mwana wawo yemwe.

Mazira atatha mwezi ndi theka, kuntchito anawatuma ku Calgary sabata yathunthu. Malangizo anandipatsa monga mwa masiku onse. Iwo anaima pakhomo la kukhitchini akuyang'ana pansi, Lonjezo pakati, ine cha kusinki.

“Uwauze amayi kuti azingoona nambala ili pachitseko cha firiji. Ikasintha akuuze, iwe undiimbire.”

“Amayi, akuti muzingochekako nambala basi.”

“Uwauze asadandaule,” ndinatero ine. “Za mazira asandiphunzitse.”

Ndipo sindinkanama. Ndinaweta nkhuku zaka makumi awiri, ndinali ndi makina anga ofungatira, ndipo anthu ankachokera ku Madisi kudzagula anapiye kwa ine. Lamulo loyamba la makina aliyense amalidziwa: dzira losatembenuza silingaswe. Nkhuku imatembenuza ndi mlomo, iwe umatembenuza ndi dzanja. Kuti usasokonezeke umalemba X mbali ino, O mbali inayo.

Tsiku loyamba ndinatsika, nambala ndinaiona, inali bwino. Ndikanabwerera pompo bwenzi nkhani ino kulibe. Koma ndinatsegula kafiriji kaja, kungoti ndione. M'kabokosi munali mazira oyera, ataliatali, ofewa ngati chikopa, atakhala pa timiyala tonyowa. Ndipo lililonse linali ndi X pamwamba.

Ndinazunguliza limodzi pang'ono kusuzumira kunsi. O panalibe.

Chisoni chinandigwira, anthuni. Ndinati, mwana wa eni ake, zaka zinayi akuvutika, n'chifukwa chake! Anamva theka la phunziro. X analemba, koma za O palibe anamuuza, ndipo mwezi ndi theka mazira angogona mbali imodzi. Kufunsa Lonjezo? Ankabwera atatopa, komanso ndinkafuna kuti zikadzaswa adzadabwe onse awiri. Kuwaimbira eni ake? Ine kuimbira foni akamwini, ngati ndilibe mwambo?

Ndinakatenga pensulo m'Baibulo langa. Ndinalemba O wokongola pa dzira lililonse, n'kuyamba ntchito. M'mawa O pamwamba, masana X, madzulo O. Masiku asanu ndi limodzi osaphonya, Tadala ali kumbuyo, ndikuimba nyimbo za kwaya. (Doris ankandiyang'ana m'galasi akutulutsa lilime. Ndinkayesa akuthokoza.)

Loweruka masana akamwini anafika. Chikwama anachisiya pakhomo, moni anapereka kudzera mwa Lonjezo, n'kutsika kubesimenti. Ine ndinakhala pabalaza, ndakonza kale nkhope yolandirira zikomo. Kenako ndinamva mawu amene sindinawamvepo m'nyumba imeneyo.

“Lonjezo! Lonjezoo!”

Tinatsika tonse. Tinawapeza atagwada patsogolo pa kafiriji, manja ali kumutu. Atandiona anatembenukira kukhoma, pakuti ngakhale pamaliro ulemu sutha.

“Uwafunse amayi,” anatero, “kuti O uyu wachokera kuti.”

“Amayi, akuti O...”

“Ndamva. Uwauze kuti ndawakonzera. Katatu pa tsiku.”

“Katatu,” anabwereza akamwini, akuuza khoma. “Pa tsiku.”

Kenako anafotokozera khomalo pang'onopang'ono kuti dzira la ng'azi si la nkhuku. Kamwana kamamatirira kumwamba kwa dzira masiku oyambirira, ndipo ukalitembenuza kamapsinjika, mwina n'kufa. X ujayo sanali woti uzitembenuza. Anali woti dzira likasuntha mwangozi udziwe mbali yoyang'ana kumwamba.

Ine mtima unali utagwa kale, koma pakamwa panga sipagwa msanga. “Uwauze kuti dzira ndi dzira. Ine ndaswetsa anapiye osawerengeka.”

“Uwafunse amayi,” anatero mofatsa, “ng'azi ya kwathu imaikira kuti?”

“Pachulu,” ndinayankha msangamsanga, osadikiranso Lonjezo. “Imakumba, n'kuikira, chiswe n'kumata.”

“Nanga m'chulumo amakatembenuza ndani?”

Abale, ndinakhala pansi pa simenti. Chinthu chimenechi ndachidziwa kuyambira ndili kamtsikana. Ndinkachidziwa pamene ndinkasongola pensulo. Safunsa anadya phula, koma ine ndinadya phula la eni, katatu pa tsiku.

Anazimitsa magetsi n'kuunika dzira lililonse ndi tochi. Mitsempha yofiira inkaoneka, koma anati sizidziwika msanga, tidikire miyezi iwiri. Anabwezera X pamwamba mosamala n'kutseka. Sanandikalipire ngakhale liwu limodzi, ndipo chimenecho ndicho chinandipweteka koposa. Munthu akakulalatira umapezako pokwiyira.

Miyezi iwiri imeneyo ndinasala kudya mpaka ndinaonda. Ku mapemphero a amayi ndinapempha kuti atikumbukire, “pakhomo pathu tikuyembekezera, koma zinthu sizili bwino.” Nachisale anafunsa kuti ndi liti. Ndinati miyezi iwiri. Anafunsa ngati ali mmodzi. Ine, posafuna kunama m'nyumba ya Mulungu, ndinati asanu ndi anayi. (Lonjezo analandira mafoni sabata yonse. Sanandiyankhule masiku awiri.)

Dzira loyamba linafota n'kuchita nkhungu. Patapita sabata linanso, kenako lachitatu. Nthawi iliyonse akamwini ankakwera masitepe ndi kapepala kokulunga m'manja, n'kukataya mwakachetechete kuti ndisaone. Ndinkaona. Ndinalira, ine, kulirira ng'azi. Ndinafika pomuuza Lonjezo kuti andisinthire tikiti ndizipita, ndisanawathere zonse. Anangoti, “Amayi, musadramatize,” n'kundipatsa mwana.

M'mawa wina Lamlungu ndikumanga duku, ndinamva mapazi akuthamanga pa masitepe. Chitseko cha chipinda changa chinagogodedwa.

“Amayi! Amayi, bwerani mudzaone!”

Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna Lonjezo. Anali kubafa. Akamwini ankayankhula ndi ine, maso ndi maso, magalasi atapendekeka.

Kubesimenti, dzira limodzi linali litang'ambika, ndipo kamutu kanali katatuluka pakati penipeni pa X, kakuphethira. O wanga anali m'mbali, akuonekabe. Pofika Lachitatu zinali zitaswa zisanu ndi imodzi. Kamwana kamodzi anandiikira m'manja, kotalika ngati chala, kamtima kakugunda pakhungu langa. Ndinati, “Pepani, bambo a Tadala. Atatu aja ndinapha ndine.”

“Mwina akanafa okha, amayi, sitingadziwe,” anatero. “Komanso ine ndikanangokuuzani ndekha kuti X ndi wachiyani.”

Kuyambira tsiku limenelo timayankhulana. Ulemu ulipo ndithu, sindingadye nawo mbale imodzi, koma za ng'azi timakambirana popanda wotanthauzira. Ndine ndimawaza ufa pa tinkhululu, ndine ndimadziwa kuti Doris akayamba kukumbakumba ndiye kuti masiku ayandikira. Kamodzi mwa tiana tija sanakagulitse. Anakatcha Apongozi, akuti chifukwa sikamva zouzidwa.

Mwezi watha Doris anaikiranso, khumi ndi limodzi. Akamwini anawafukula, anawayala m'kabokosi, n'kundipatsa pensulo ndi manja awiri.

“Lembani ndinu, amayi. Koma chilembo chimodzi chokha.”

Ndinalemba. M'mawa uliwonse ndimatsika kukaona nambala, ndipo ndisakunamizeni, ndikawaona atangogona mbali imodzi choncho, zala zimandiyabwa. Ndiye ndimatsika nditanyamula Tadala kutsogolo, ndi manja onse awiri.