Kamera Yonyezimira ya a Dafuleni

Mwandida, mwana wanga wachisamba, anandifunsa tsiku lina akupukuta zithunzi za pabalaza: "Amayi, kodi pa ukwati wanu munakwatiwa ndi ababa kapena ndi mbuzi?"

Sindinamukalipire, ana inu, chifukwa chithunzi cha ukwati wangacho chimafunsitsadi. Ine ndili ndi mitu itatu, abusa alibe miyendo, ndipo pachifuwa pa abambo anu patuluka mbuzi ikutafuna. Lero poti mwakhala pansi nonse, ndikuuzani kumene chinachokera, pakuti n'komwenso kunachokera mwambi wina umene mumaumva kawirikawiri. Aphunzitsi anu adzati mwambiwo ndi wakale kuposa makamera. Alekeni, iwo kunalibe. Ine ndinalipo, ndipo chiyambi chake chinali chotere.

Pa Lizulu, kuseri kwa msika, panali mkuyu waukulu. Pamthunzi pake pankagwira ntchito anthu awiri: a Jailosi osoka nsapato, ndi a Yonamu ojambula zithunzi. Madzulo zipangizo zawo ankatsekera m'bokosi limodzi.

A Yonamu anali ndi makamera awiri a maso awiri, aja okhala ngati njerwa yoimika, diso lina pamwamba, lina pansi. Wojambula ankaigwirira pamimba n'kumasuzumira pamwamba pake ngati akuyang'ana m'chitsime. Diso lapamwamba linali loonera, lapansi lojambulira.

Makamerawo anali a kampani imodzi, msinkhu umodzi, dzina lapamphumi limodzi, ngati mapasa. Koma mapasa amasiyana mtima. Yakale inali ndi kagudumu kopotokola m'mbali ndi kawindo kofiira kumbuyo koonetsa nambala. Ukajambula unkayenera kupotokola wekha mpaka nambala ina ituluke. Ukaiwala sinkakuuza, inkangosanjikiza chithunzi pamwamba pa chinzake. Inzake, yotuluka pambuyo, inali ndi chopukusira ngati cha makina osokera a pamanja, ndipo inkakana kujambula kawiri pamalo amodzi.

Yakaleyo diso lake lapansi linachita nkhungu, zithunzi n'kumatuluka ngati zojambulidwa m'chifunga cha mu Juni. Choncho a Yonamu anaipumitsa. Inkangokhala pamphanda ya mkuyu, ntchito yake kukoleka anyamata m'khosi kuti pachithunzi aoneke a m'tauni. Yopukusa ija ndiyo inkadyetsa banja. Thukuta linaisupula chikopa, m'makona munatuwa ngati zidendene za m'chilimwe. Akazi a Yonamu, a Nangondo, ankaidziwa bwino, ndipo ndiwo ankatsuka mafilimu m'kachipinda kamdima kunyumba.

A Yonamu anamwalira ukwati wanga uli pafupi, atalonjeza kale kudzatijambula. Ife tinali oyandikana nawo nyumba, ndiye zonse ndinaziona ndikutunga madzi a pamaliro.

Tsiku lometa kunatulukira achimwene a malemu, a Dafuleni, munthu amene pa matenda onse sanabwere ndi lalanje lomwe. Anabwera ndi ngolo. Ngolo, ana inu! Pamaliro a mng'ono wako! Anakweza njinga, wailesi, mipando, ngakhale mbaula ikadali yofunda. A Nangondo anangokhala pamphasa ndi ana awo atatu, akuyang'ana pansi.

"Nanga makamera ali kuti?" anafunsa a Dafuleni.

Ankhoswe anatsokomola. "Makamera ndi awiri, bambo. Imodzi musiyire ana amasiyewa, ndilo khasu lawo."

"Chabwino. Koma wosankha ndine. Magazi ndi anga."

Ndinaona a Nangondo akufinya nsonga ya mpango wawo. Yopukusa ija ikanakwera ngolo, anawo akanadya chiyani? Ndani angalipire chithunzi cha chifunga?

Anatuma a Jailosi kukatenga makamerawo ku bokosi lija. Anachedwako ndithu, mpaka a Dafuleni anayamba kung'ung'udza kuti wosoka nsapato wathawa ndi chuma chawo. Atabwera anaika makamera onse pampando. Ine ndinadabwa. Yakale ija inkawala ngati nsapato ya mkwati, zitsulo zake zikuthobwa m'maso. Inzake inali mbuu, monga mwa masiku onse. Ndinaonanso kuti zala za a Jailosi zada bii, chikhalirecho sabata yonse ya maliro sanagwire nsapato ya munthu.

A Dafuleni anaseka. "Mumati ndine wakhungu? Nkhalamba iyi ikhale ya alamu. Yanga ndi iyi, yatsopano."

"Bwanji mufunse kaye kusiyana kwake?" anatero ankhoswe.

"Kusiyana ndikukuona ndi maso angawa. Dzina ndi lomwelo, maso ndi awiri omwewo. Ina yatha, ina sinathe. Pofunsa ndi pati?"

"Mwasankha pamaso pa anthu, bambo."

"Ndasankha! Amve ndi akumanda omwe."

M'mawa mwake anafika kwa bambo anga atakoleka kamera m'khosi. Anati ntchito zonse zimene malemu anasiya zili m'manja mwawo, kuphatikizapo ukwati wanga. Bambo anakayika, koma akanatani? A Nangondo anali akadali m'zovala zakuda, sakanapita kumalo a nthungululu.

Komabe mayi uja, atalandidwa ndi mbaula yomwe, anapita kwa mlamu wake ndi filimu yatsopano, ine ndikumuperekeza. Anachitira ine, sanachitire iwo.

"Alamu, ndakuikirani filimu," anatero mofatsa. "Koma iyi si ija munkaona malemu akupukusa. Iyi mukajambula, muzipotokola kagudumu aka mpaka nambala isinthe pa kawindo kofiira. Ndipo pagalasi loonera, dzanja lamanja limaoneka kumanzere."

"Iwe Nangondo, kamera ya mng'ono wanga undiphunzitse ndiwe? Ine ndinakhalako ku Halale, zinthu izi ndinaziona usanamere mano. Kazipita ukalire."

Tinatembenuka n'kubwerera kunyumba.

Tsiku la ukwati linafika. Titatuluka m'tchalitchi tinandanda pamasitepe, ine ndi abambo anu pakati. A Dafuleni anatsegula kachivindikiro ka pamwamba n'kusuzumira.

"Akuchikazi, sunthirani kumanja!" Anasunthira. "Ayi! Kumanja kwinako!" Anabwerera. "Kodi anthu a kuno simudziwa dzanja lodyera? Kumanja, ndati!"

Anasuntha, anasuntha, mpaka azakhali anga a kumapeto anatsetserekera m'ngalande, duku kwina, nsapato kwina.

Atawavuula, a Dafuleni anasuzumiranso. Mwadzidzidzi anakuwa: "Imani! Mkwatibwi ali ndi nyerere kumaso!"

Ana inu, ine sindinamve kanthu kakuyenda pankhope panga. Koma amayi a Mvano sanadikire kufunsa. Anandigwera ndi zitenje, phwa! phwa! Velo linagwa, paudala yense anathera m'zitenje.

"Zachoka?" anafunsa amayi anga, wefuwefu.

A Dafuleni anasuzumira. "Zawonjezeka! Zina zikutsikira m'khosi. Eee, zawolokera kwa abusa!"

Mayi wina wamkulu anayandikira abusa, nagwada pang'ono. "Pepanitu abusa," anatero, kenaka phwa! ndi buku la nyimbo pamphumi. Abusa anangoti, "Ambuye akudalitseni, mayi," akutola magalasi awo.

Palibe anaona nyerere ngakhale imodzi, koma a Dafuleni anati maso a kamera amaona zimene maso a anthu wamba saona. Anayamba kujambula. Ankakoka kachitsulo ka kutsogolo n'kudina, the! Kukoka, the! Kagudumu kaja sanakakhudze n'kamodzi komwe. Anajambula ife, abusa, akwaya, anthu ovina pa perekaniperekani, mpaka mbuzi imene amalume anatipatsa.

Abambo anu anawanong'oneza: "Kodi filimu sinathe? A Yonamu ankati imatha pa zithunzi khumi ndi ziwiri."

"Imeneyo inali ya Yonamu, yotopa ija," anayankha mokweza kuti onse amve. "Yanga siitha, mphwanga. Ndani wina akufuna? Bwerani ndi ana omwe!"

Filimuyo anakana kuipereka kwa a Nangondo. Anapita nayo okha ku boma kwa wotsuka wina, ndipo anabwerako ndi envulopu yopyapyala ngati tsamba. M'kati munali chithunzi chimodzi, chomwe chili pakhomacho. Ukwati wonse, kuyambira pemphero mpaka mbuzi, unaunjikana pamalo amodzi ngati anthu m'basi ya pa Khirisimasi. Ndinalira, ana inu. Diresi linali lobwereka, linali litabwerera kale kwa mwini wake ku Balaka.

Patapita masabata angapo a Nangondo anavula zakuda, nakaima pansi pa mkuyu ndi kamera yotuwa ija. Anthu ofuna zithunzi za ziphaso anayambanso kufola. Tsiku lina la msika ndili pomwepo kusoketsa nsapato, a Dafuleni anatulukira thukuta lili kamukamu.

"Nangondo! Unandinyenga! Bweretsa kamera ya mng'ono wanga, utenge chinyalala chakochi!"

Anthu anasiya kugula kabichi n'kutizungulira. Mayi wina wogulitsa mbatata anati, "Si inu munati amve ndi akumanda omwe? Anamvatu."

"Ndinakuuzani za kagudumu, alamu," anatero a Nangondo, kamera yawo ataikumbatira.

"Kagudumu kachiyani! Chinthuchi n'cholodzedwa!"

Anaimenyetsa pa benchi la a Jailosi. Galasi loonera linafwamphuka, ndipo m'kachipinda ka diso lapamwamba munatuluka nyerere, mtundu wathunthu, zina zitasenza mazira. Zaka zonse zija pamphanda ya mkuyu zinali zitamangamo mudzi. Ndizo zinkayenda pagalasi tsiku lija, ine n'kumamenyedwa ndi zitenje. Zinakwera dzanja la a Dafuleni, kulowa m'malaya, ndipo bambo wa ku Halale anavina pamsika gule wopanda ng'oma. Atapepukidwa analowera njira ya kwawo osatembenuka, kamera n'kuisiya pomwepo.

A Nangondo anaitola kuti aikunthe. Ndinawaona akuima, n'kununkhiza lamba wake. Fungo la polishi wa nsapato linali lisanathe. Anayang'ana a Jailosi. A Jailosi sanadzutse mutu, maso awo anali pa chivindikiro cha bokosi lija. M'kati mwake munali mutamatidwa chithunzi cha malemu akazi awo, chokhacho chimene anali nacho. A Yonamu anajambula mayiwo akudwala, ndipo tsiku limenelo a Jailosi atapisa m'thumba kuti alipire, a Yonamu anawagwira dzanja n'kulibweza momwemo.

A Nangondo anangobwerera kwa anthu awo a ziphaso n'kuyamba kupukusa.

A Jailosi anatola nkhuyu imene inagwera pa benchi, yofiira bwino, yosalala. Anaing'amba ndi chala chachikulu, naionetsa kwa ife tonse, tizilombo tili nyakanyaka. Ndiye analankhula motsitsa, ngati akuuza nsapato imene anali kusoka:

"Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."