Mapu a Azungu M'munda mwa Amalume

Pali anthu opusa mwachibadwa, ndiye pali ife opusa ndi digiri, amene timachita kukonzekera kupusako sabata yathunthu. Ine ndili m'gulu lachiwirili, ndipo umboni wake ndi uwu.

Kuofesi kwathu ku Lusaka ankataya mapepala akale, ine n'kutolapo mapu a nthawi ya atsamunda, aja okhala ndi timizere tokhotakhota tosonyeza mapiri, timitsinje, njira za ngolo ndi timadontho ta midzi. Nditawatambasula kunyumba kwanga ku Silverest, maso anagwera pa kadontho kena cha ku Nkomeshya, m'dera la Chongwe, pambali pake atalembapo dzina la agogo ake a Esinati, chibwenzi changa. Tsono Loweruka la sabata yomweyo ndinali kupita ndi ankhoswe kukaonekera kwa amalume ake, munthu woti akangoti ayi ndiye kuti ukwati wafera m'mazira, ndipo anali asanandionepo nkhope.

Wanzeru akanatani? Akanasita suti n'kukhala phee. Ine ayi, ndinati ndilawire ndekha, ndikapeze bwinja la agogowo, kuti masana pokambirana ndikaponyepo mbiri ya mudzi wawo, akuluakulu akagwedeze mitu kuti mwana wathu watola munthu wophunzira. Ankhoswe ndinawauza kuti tikakumana komweko.

Galimoto ndinaisiya pamsewu. Poopa kudetsa malaya ndinavala chijekete chonyezimira chija timasunga kubuti, n'kutenganso tepi yoyezera, nyundo ndi zikhomo zotsala pomanga nyumba yanga, ati ndizikhomera m'njira yakale ya ngolo kuti ndisasochere. Anzanga, ku Chongwe kuno ngakhale mbuzi imadziwa kuti munthu wa jekete yonyezimira, pepala lalikulu ndi zikhomo wabwera kudzadula mapuloti ogulitsa kwa anthu a ku Lusaka. Mbuzi imadziwa, ine wa digiri osadziwa!

Njira ya ngolo ija inafa kalekale, tsopano ndi munda wa chimanga chofika m'chiuno. Kodi ndinabwerera? Ndibwerere bwanji mapu akuti pitirira? Ndinalowa, kukhoma chikhomo, kuyeza, kuthyola mapesi, kukhomanso, mluzu uli pakamwa.

Mayi wina wachikulire amene ankapalira anaweramuka n'kundifunsa, "Imwe atate, mucita cani m'munda mwa bene?"

"Osadandaula amai, nisakila cabe malire akale ya munzi uno. Iyi pepala ni ya boma."

Mayiyo anataya khasu n'kukuwa ngati waona njoka m'nyumba. Posakhalitsa anthu anatulukira mbali zonse, ena ndi makasu, ena ndi nkhwangwa, patsogolo pali bambo wamtali wa imvi atavala magambutsi. Apa ndi pomwe munthu amagwada n'kupepesa. Ine ndinatambasula mapu pamwamba pa chimanga n'kuyamba kuphunzitsa.

"Onani bwino. Munzi weniweni unali apa. Izi nyumba zanu zonse pa mapu palibe."

Palibe! Ndinawauza anthu obadwira pomwepo, makolo awo ali m'manda a pomwepo, kuti kulibe. Nkhwangwa ina itakwera m'mwamba, nzeru zinabwera mochedwa ngati minibasi ya Lamulungu, ndipo ndinaliyatsa liwiro, mapu ali m'manja. Koma ngakhale pothawa ndinakhulupirira azungu anga: mapu ankati kumunsi kuli powolokera kamtsinje. Powolokerapo anthu anatchingapo damu la ng'ombe. Ndinalowa thope mpaka m'chiuno, nsapato zonse ziwiri n'kutsalira momwemo, ndipo anachita kundizula ndi mpini wa khasu.

Ananditengera pakhomo pa bambo wa magambutsi uja, mwini munda, n'kundikhazika pansi padzuwa, thope likuumira m'thupi, ntchentche zikuchita phwando. Ndikuona pabwalo posesedwa bwino, mipando yoyalidwa, nkhuku zikusosoledwa kuseri, ine mumtima n'kumati kaya akudikira alendo anji anthu ankhanzawa. Kenaka galimoto inaima, n'kutsika ankhoswe anga atavala suti, m'manja atanyamula mbale zovindikira za mwambo wofunsira ukwati. Pakhomo pa nyumba panatulukira Esinati atavala chitenje chatsopano. Anandiyang'ana kamodzi, n'kubwerera m'nyumba chammbuyo.

Bambo uja anafunsa ankhoswe, "Nanga mkamwini mwamusiya kuti?"

Ankhoswe anga, munthu woti ndinakula naye, anayang'ana kumwamba, anayang'ana nkhuku, kenaka n'kundiloza ndi mlomo ngati akuloza galu wakuba mazira. Manyazi amene ndinamva, ndinalakalaka akanangondisiya m'damu muja.

Ndinakwawa ndi maondo kupita kwa bambo uja, amalume ake a Esinati, kuomba m'manja, kulongosola zonse, mpaka kuwaonetsa kadontho ka dzina la bambo awo. Amalume anatenga mapu aja n'kuwayang'ana nthawi yaitali, ine n'kuyamba kuganiza kuti mwina mbiri yandipulumutsa.

"Iyi pepala niidziwa," anatero. "Bene bake banabwela nayo atate bakali moyo, bopima-pima monga iwe. Pamene banayenda, kwamene tinali kudyetsela ng'ombe kunakhala famu ya waya." Anawapinda bwinobwino n'kuwaika m'thumba mwawo. "Koma baja banali na ulemu, banatenga cabe malo. Iwe ufuna munda na mwana wamo."

Mbale zija zinabwerera ku Lusaka osavundukulidwa. Zinatengera Esinati kulira mpaka chimanga kukololedwa kuti amalume afewe, ndipo ngakhale lero, tili pabanja, ndikafika kumeneko n'kuima pabwalo kuyang'ana mitambo, amalume amadzuka n'kudzaima pakati pa ine ndi munda.

Mbiri yakale ndinaisiyira eni ake. Ku Nkomeshya sinditambasulanso pepala lililonse, ngakhale lokulungira vitumbuwa: ndimachita kudyera m'thumba osalitulutsa.