Malo a Yotamu mu Timu

Lolemba, 2 Juni

Mpira ndaupopa. Wachikopa weniweni, umene ndinabwera nawo ku Joni ulendo wa ku migodi utatsekedwa. Anzanga anabwera ndi mawailesi, ine mpira. Amake Yotamu mpaka lero sanandikhululukire.

Cholinga: timu ya ana a m'mudzi muno. Loweruka tikusewera ndi ana a mbali ya ku Malomo, ndipo kukubwera mphunzitsi wosankha anyamata oti akakhale ku boma, sukulu ndi mpira pamodzi. Yotamu wanga, wachisamba, zaka khumi ndi zitatu, ali ndi mwendo wamanzere woopsa. Akangomuona, basi.

Zomwe zilipo:
Mpira, umodzi.
Bwalo, munda wa apongozi wozula kale fodya, wotsetsereka.
Zigoli, mitengo ya chigafa.
Ana, khumi ndi mmodzi!

Lachiwiri, 3 Juni

Alamu anga a Gesitoni, amalume a Yotamu, abwera kudzangoonerera. Akupempha kumenya kamodzi. Kamodziko katha ola lathunthu. Pomaliza akuti kumbuyo kwa timu n'kofooka, atithandiza iwo ndi mnzawo wa kumowa. Ine mkamwini, nditaima pamunda wa eni, ndikane mwini mbumba? Ana awiri atuluka. Atsala asanu ndi anayi.

Lachitatu, 4 Juni

Masiku ano anthu sangosonkhana. Khadi m'thumba, chipewa m'manja, ndapita kwa a wapampando wa nthambi ya chipani kukapempha chilolezo. Avomera ndi manja awiri. Akuti mpira ndi chitukuko, ndipo pa chitukuko atsogoleri amakhala patsogolo. Patsogolo pake ndi nambala naini. Alembi awo kumanja, asungichuma kumanzere.

Ana atsala asanu ndi mmodzi. Zina sizilembedwa m'buku.

Lachinayi, 5 Juni

Kuyeserera. Kamnyamata kena kalanda mpira kwa a wapampando. Amake akutuluka nako atakagwira khutu, akuti mwana wopanda mwambo. Kuyambira pamenepo wamkulu akamabwera ndi mpira, ana akupatuka manja atagwira kumbuyo, monga amachitira panjira ya kuchitsime.

Kupatula Yotamu. Wadutsitsa mpira pakati pa miyendo ya amalume ake, kawiri! Pakamwa ndamudzudzula, mumtima ndikuvina.

A mkulu wa mpingo alowa pagolo kuti pabwalo pasamveke zotukwana. Abwera ndi amuna awiri a kwaya. Ana atsala atatu.

Lachisanu, 6 Juni

A golosale abwereketsa wezulo, nayo ikubwera ndi mwini wake. A mwini ngolo alonjeza kutitunthira madzi, nawo chimodzimodzi. Akuluakulu khumi, mwana mmodzi. Palibe kanthu. Mphunzitsi uja safuna khumi ndi mmodzi, mmodziyo akwana.

Madzulo, msonkhano wa timu pansi pa mtengo. A wapampando aimirira: "Mwini mpira aime kunja ngati wongodutsa? Alendo akanena kuti mudzi uno ulibe ulemu." Onse akuwomba m'manja, maso pa ine.

Ndayang'ana Yotamu. Iye akuyang'ana zala zake za kuphazi. Sindinakane.

Ndikhoza kunena kuti anali mantha, ndipo mantha analipodi. Koma ku komponi ya ku migodi ndinali nambala teni, ndipo mwendowu wakhala ukuyabwa chiyambire kupopa mpira uja. Ndili ndi manyazi.

Loweruka, 7 Juni

Alendo afika wapansi, ana okhaokha, opanda nsapato. Sakudziwa kuti wapampando ndi uti, mkulu wa mpingo ndi uti, ndiye sakupatukira aliyense.

Zigoli: iwo zisanu ndi zitatu, ife ziro.
A Gesitoni: atuluka pa ngolo ya madzi ija.
A wapampando: akhudza mpira kawiri, kamodzi ndi dzanja. Wezulo sinalire.
Ine: bondo.

Mpira ukathawira kuchigwa, woutola ndi Yotamu. Akubwera nawo akuumenyamenya ndi phazi, koma kuseri kwa tsekera, kumene woona ndine ndekha.

Popumula mphunzitsi akundifunsa kuti ana athu ali kuti. Ndamulozera pachulu pamene akhala m'ndandanda. Ndikufuna kumuuza za wamanzere uja, koma mpweya ndilibe, mawu sakutuluka. Walemba maina anayi a ku Malomo, wakwera njinga masewero asanathe.

Lamulungu, 8 Juni

Bondo latupa ngati dzungu. Kutchalitchi theka la timu likulephera kuimirira poimba. A mkulu wa mpingo athokoza Mulungu kuti palibe amene wafa. A wapampando alengeza panja kuti timu yakhazikika, kuyeserera Lachiwiri.

Amake Yotamu sakundiyankhula. Madzi otentha othowera bondo wabwera nawo ndi Yotamu. Wagwada, akundithowa mosamala. Ndayamba kupepesa, mawu akungozungulira.

"Musadandaule, abambo," akutero osadzutsa mutu. "Ndikadzakwatira ndidzasewera."