Bogi ya Nabanda

Lolemba

Galimoto yafika! Ndi lole yakale ya mwenye wa pa Boma, imene inkanyamula mpunga. Thupi lidawola, koma injini ikutsokomolabe, ndiye kuti moyo ulimo. Taikankha mpaka pansi pa mtengo wa mango pakhomo.

Cholinga: Lamulungu mkazi wanga Nabanda apite ku tchalitchi cha pa Boma mu fesiti kilasi. Zaka zonse zija ndinali ku Halale, kuyala mabedi ndi kuperekera azungu tiyi m'sitima ya pamtunda, iye ali kuno kulima ndi kundidikira. Sitimayo sadaionepo. Nditabwera ndidamulonjeza kuti adzakwera. Njanji ku Kota Kota kulibe, choncho bogi, chipinda cha sitima chokwera anthu, ndimanga ndekha pamwamba pa lole.

Zofunika: matabwa a mbawa, makatani obiriwira, tebulo lopinda, beseni, belu. Makamaka belu!

Mipando ya m'bogi yotere ndidaipukuta mpaka manja kuwawa, koma sindidaikhalirepo.

Lachiwiri

Makoma akwera. Selemani, dalaivala amene wavomera kudzatiyendetsa, akuzungulira galimoto uku akupukusa mutu. Iye amanditcha Fundi, ndiye kuti mmisiri. "Fundi, mbawa ndi ya zitseko za tchalitchi. Iyi idazolowera matumba." Sadziwa sitima ameneyu. Sitima ikalemera m'pamene imayenda mwaulemu.

Masana apongozi atumiza mawu kudzera mwa Nabanda: "Mwana wanga akwere galimoto, ine womubala ndizikakwawa m'fumbi?"

Akwera nawo. Ndikanati chiyani?

Lachitatu

Vuto. Bogi ndi chipinda chimodzi, mipando yoyang'anizana. Ine ndi apongozi maso ndi maso, kuchokera kuno mpaka ku Boma! Chikwatirireni, tikakumana panjira mmodzi amapatukira kutchire. Azungu opanga sitima zimenezi sadaziganize.

Ndamanga khoma pakati, zipinda zakhala ziwiri. Khomo limodzi nalonso silingatheke, tingakhulane mapewa polowa. Ndaboola lina kumbuyo, la apongozi. Mbawa inanso.

Beseni lapita kwa apongozi. Belu ayi, latsala kwathu.

Lachinayi

Pakamwa pangapa! Ndangouza Selemani mocheza kuti m'sitima ife akuda timakwera kumbuyo, mu thedi kilasi, pamodzi ndi nkhuku ndi mitolo. Selemani wauza mkazi wake. Mkazi wake wauza chitsime chonse. Dzuwa lisanafike pamutu mawu abwera: "Akamwini andiika ku nkhuku."

Ndasinthanitsa zipinda. Tebulo lizulidwe, belu lisamuke, misomali yonse ya dzulo ituluke. Apongozi kutsogolo, ife kumbuyo. Ndipo akuti sangakhale okha kufupi ndi dalaivala, akulu awo awaperekeza. Benchi lina.

Ndikumaliza m'pamene ndazindikira kuti tsopano amene ali ku nkhuku ndi Nabanda.

Ndalemba 1 pa zitseko zonse ziwiri. Akuluakulu a njanji atamva akhoza kukomoka.

Lachisanu

Penti. Yofiirira pansi, yoyera pamwamba, monga zija za ku Halale. Kukongola kwake! Anthu opita ku Boma akuima, ena akuvula zipewa.

Matayala akumbuyo akuoneka ngati atopa. Ndafunsa Selemani ngati Lamulungu tikafike. Wangoti "Inshallah," osandiyang'ana.

Nabanda akusoka makatani pakhonde. Wafunsa: "Kodi m'sitimamo inu munkagona pati?" Ndamuuza zoona, pansi, pafupi ndi khitchini. Wangoluma ulusi.

Loweruka

Tsiku loyesa. Mudzi wonse wabwera, mbuzi zomwe. Selemani wapukusa chitsulo, injini yalira. Ine ndaimba wezulo ngati mkulu wa pa siteshoni.

Matayala akuzungulira bwinobwino. Galimoto osayenda. Ikukumba!

Takankha. Taika makuni, mphasa yakale, masamba a mgwalangwa. Ikungotitimira mumchenga mwaulemu wake uja. Kenako pansi pake pamveka phaa! Chitsulo chogwira matayala chathyoka.

Selemani wapukuta manja. "Fundi, mwamanga nyumba. Nyumba yabwino ndithu."

Mawu ochokera kwa apongozi: mawa ayenda pansi, ndipo akuti adadziwiratu.

Ubwino wake, sitepe yokwerera siikufunikanso. Khomo latsikira lokha pansi.

Mtima ukundiwawa. Lonjezo linali limodzi lokha.

Lamulungu

Ku tchalitchi tapita wapansi monga masiku onse. Apongozi patsogolo patali, ine pambuyo patali. Khoma silinafunike.

Pobwerako ndalowa m'nyumba kuti ndibisale. Posakhalitsa ndikumva ngiri-ngiri! Belu.

Ndasuzumira. Nabanda ali m'bogi, m'diresi yake ya Lamulungu, katani wakokera pambali, akuyang'ana nkhuku zathu pawindo ngati dziko lachilendo. Ndavala jekete yanga yoyera ija ya ku ntchito, ndatenga tiyi, ndaima pakhomo monga ndinkachitira kale.

"Pepani dona, sitima yachedwa."

"Ichedwe," akutero. "Kudikira ndimakudziwa. Koma ulendo uno musaime pamenepo. Khalani apa."

Ndakhala. Tiyi tagawana kapu imodzi. Mango agwa padenga, denga silinapindike n'komwe. Mbawa imeneyo!

Galimotoyi siidzapita kulikonse. Ife nafenso ayi. Mpando wake ndi wofewa ndithu.